Paipi ya Pakhoma la Amayi

Achimwene anali atanena kale, ndipo iwo akanena amakhala ngati adinda chidindo. Khoma la kuchipinda kwa amayi likanyowanso chaka chino, amayi asamuka, akakhala kwa iwo, nyumba aitseka ndi loko. Anati abwera Lamulungu kudzaona okha ngati pachitika chilichonse mvula isanayambe.

Amayi anangodula foni n'kundiimbira ine.

"Mzime," anatero, poti ine ndine wotsiriza kubadwa ndipo kwathu dzina lina ndilibe, "iwe suja umaika mapaipi m'nyumba za anthu? Kapena ndinamva molakwa?"

Sanamve molakwa. Ntchito yanga ndi imeneyo, zaka khumi ndi ziwiri tsopano. Ndimakwera padenga, kuika ngalande za m'mphepete mwa malata, kutsitsa mapaipi kuti madzi a mvula azipita kumene mwini nyumba akufuna. Koma paipi ya pakona ya chipinda cha amayi anga inathyoka zaka zitatu zapitazo, ndipo zaka zitatu zonsezo ine ndinkangoti mwezi wamawa, mwezi wamawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo zengerezuyo musamufune kutali, ndi ine.

Ndinafika Loweruka m'mawa ndi mapaipi awiri, makwerero ndi bokosi la zida. Kunja kunali kutatentha kale, kutentha kuja kokhala ngati munthu wakufunditsa bulangete. Mphepo kunalibe. Zovala za anthu zinangoti lende pazingwe, ndipo wailesi ya nyumba ina inkamveka patali, mawu ake osadziwika ngati ndi nyimbo kapena nkhani.

Nyumbayo anamanga malemu bambo ndi manja awo. Anali mmisiri womanga nyumba, ndipo iyi anaimanga Loweruka lililonse, mzere umodzi wa njerwa, mizere iwiri, mpaka zaka zinayi. Ili ndi zipinda zinayi, chitseko chabuluu, ndi khonde limene amayi amakolopa ngakhale pasanaponde munthu. Pakona paja ndinapeza theka la paipi yakale likulendewera pawaya. Pansi pake madzi anali atakumba dzenje, ndipo khoma linali ndi mzere wobiriwira kuchokera pakati mpaka pansi. Ndinachita manyazi, ndinene zoona.

Makwerero anandigwirira atelala a nyumba yoyandikana nafe, amene anabwera tepi ili m'khosi, mapini awiri ali pakamwa.

"Mwana wamkazi kumwamba, ine ndevu zonsezi pansi," anatero atalavula mapini m'manja. "Dziko lapita kuti?"

"Gwirani makwerero, atelala. Ndevu sizigwira kanthu."

Ntchito imeneyi ili ndi lamulo limodzi, ndipo anandiphunzitsa ndi bambo. Diso limanama, chingwe sichinama. Suyamba ndi paipi ayi. Umayamba kumwamba, pakamwa pa ngalande pamene madzi amatulukira, n'kukhoma kamsomali, n'kumangirirapo chingwe chokhala ndi kachitsulo kosongoka kunsonga. Kenako umadikira. Kachitsuloko kamavina, kupita uku ndi uku, ndipo ukakagwira ndi dzanja kuti kafulumire wawononga zonse. Kakaima kokha, pamene chingwe chadutsa ndi pamene paipi idutse. Umalemba ndi pensulo malo a tizitsulo togwira paipi, ndipo umaboola panjerwa penipeni, osati pamatope a pakati pa njerwa.

Ndinakhoma kamsomali, ndinatsitsa chingwe, ndinayamba kudikira.

Pamakwerero pali tulo take, amene sanakwerepo sangamve. Malata a nyumba zonse ankanyezimira ngati pathiridwa madzi, nkhunda ziwiri zikuyenda pamwamba pa denga la atelala osafulumira. Kachitsulo kaja kankapita, kubwera, kupita, kubwera, ndipo maso anga ankakatsatira mpaka bwalo lonse linayamba kuyenda nako. Ndinaona kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi katanjuta pakona pomwepo, diresi lake litadetsedwa ndi simenti. Pamakwerero panali bambo, pensulo ili kukhutu, akuika paipi yoyamba ija.

"Zala zingati pansipo, Mzime?"

"Ziwiri, ababa."

"Kunonso ziwiri. Waona? Khoma la bambo ako limenelo."

Ndinamva ngakhale fungo la sopo wawo. Kenako nkhunda zinauluka, ndipo pansi panali atelala okha akukanda m'khutu ndi chala.

"Atelala, kachitsuloko kaima?"

"Kaima."

"Kuno chingwe chatalikirana ndi khoma zala ziwiri. Pansipo zingati?"

Anawerama, anaikapo zala, anaonjezera, kenako anaseka. "Zala? Chikhatho chonse chalowa, mwanawe, ndipo malo atsala. Ndiitane akazi anga adzaonjezere chawo?"

"Mwakakankha inu."

"Ine? Manja onse ali pamakwerero, ndakakankha ndi mphuno?"

Ndinati ndi mphepo, koma ngakhale tsamba silinkagwedezeka. Ndinati chingwe chapotana, ndinachimasula n'kuchimanganso. Chikhatho ndi malo otsala. Ndinatsika, tinanyamula makwerero kupita nawo kukona ina ya nyumba, ya kukhitchini, n'kuyesa kumeneko. Zala ziwiri kumwamba, zala ziwiri pansi, bwinobwino. Tinabwereranso pakona ya amayi kachitatu, thukuta likutsika m'maso, ndipo kachitsuloko kanaima pomwe paja, patali ndi khoma, ngati sikakulidziwa.

Khoma linali litayamba kuweramira kunja. Madzi a zaka zitatu aja sanangodetsa laimu, anali atalowa pansi n'kufewetsa nthaka ya pamaziko, ndipo khoma linkatsatira pang'onopang'ono. Khoma lotere silikonzedwa ndi pulasitala. Umaligwetsa, kukumba maziko, kumanganso, ndipo nthawi ya mvula sungayambe n'komwe. Ndinadziwanso kuti amayi akangotuluka m'nyumbamo kwa miyezi ingapo, achimwene sadzawabwezanso. Kuseri kwa khomalo kunali bedi lawo.

"Zikutanthauza chiyani?" anafunsa atelala.

"Palibe. Chingwechi chakalamba."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ine diresi likamakoka mbali imodzi sindikalipira tepi," anatero. Kenako anangogwiranso makwerero.

Ndiye ndinachita zimene sindinachitepo panyumba ya munthu aliyense. Ndinazula kamsomali, ndinakulunga chingwe n'kuchiponya m'bokosi, ndipo ndinatsatira khoma. Ndinayesa kuchokera pakona, zala zinayi kumwamba, zala zinayi pakati, zala zinayi pansi, n'kulemba ndi pensulo. Paipi yogona pakhoma imatsitsa madzi chimodzimodzi. Munthu woima pabwalo aona khoma ndi paipi zikuyendera limodzi, ati zonse zili bwino, poti anthu awiri akagwirizana bodza limamveka ngati zoona. Achimwene ndi munthu wa mu ofesi. Chingwe amachidziwa cha nsapato basi.

Ntchitoyo ndinaigwira bwino, zimenezo musandilande. Ndinacheka paipi ndi sowo n'kusalaza m'mphepete. Kamwa lalikulu la paipi iliyonse linayang'ana kumwamba, kuti ya pamwamba izilowa m'kati mwa ya pansi, madzi asapeze potulukira. Ndinaboola njerwa, ndinalowetsa timapulagi ta pulasitiki, ndinamanga tizitsulo kamodzikamodzi, kotsatira kakutalikirana ndi kanzake ngati kutambasula mikono. Kumwamba choboolera chinkalira, fumbi lofiira louma likugwera m'ndevu za atelala. Njerwa ya pansi penipeni sinalire n'komwe. Choboolera chinangolowa ngati mu buledi wonyowa, n'kutuluka ndi phala lakuda. Ndinasuntha, ndinapeza njerwa ina yolimbako, ndinaikapo sikuluu yaitali. Pomaliza ndinaika chigongono cha paipi choyang'ana kutali ndi nyumba, ndinakwirira dzenje lija ndi miyala, n'kukumba kangalande kopita kumpanda.

Nditaigwedeza ndi manja awiri, paipi sinasunthe ngakhale pang'ono.

Amayi anatuluka ndi tiyi pathireyi. Anaika thireyi pansi, anabwerera m'mbuyo mapazi angapo, dzanja lili pamphumi, n'kuyang'ana kuchokera kumwamba mpaka pansi. Anawomba m'manja kawiri, pang'onopang'ono.

"Bambo ako akanaona," anatero.

Tiyi uja ndinamwa osawayang'ana.

Mvula inabwera masana omwewo, cha m'ma thiri koloko. Kunayamba kuda mbali imodzi, zovala pazingwe zinadzuka zonse pamodzi, azimayi akuthamanga kukaanula. Madontho oyamba anali akuluakulu, patalipatali, kenako malata anayamba kulira. Fungo la dothi linalowa m'nyumba yonse.

"Bwera udzamve," anatero amayi. "Zaka zitatu ndakhala ndikumva madzi akumenya pansi ngati munthu akuchapa. Ndikufuna ndimve akuyenda mwaulemu."

Anakagona pabedi lawo, mutu kufupi ndi khoma, maso atatsinzina. Ine ndinakhala pampando wa nsungwi pafupi ndi chitseko. M'chipindamo munali mdima wofewa wa mvula ya masana. Pawadiropu panali galasi lija la mawanga akuda m'mphepete, patebulo botolo la mafuta odzola ndi magalasi awo, pansi masilipasi atayang'ana kubedi. Kuseri kwa khoma paipi inkaimba, mawu otsika, osalekeza, ngati munthu akung'ung'udza ali pantchito.

Sindikudziwa kuti ndinagona liti. Ndinangoona khoma likuchoka. Silinagwe ayi, linayenda, pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mlendo amene sakufuna kudzutsa eni nyumba, zenera ndi katani yake zikupita nalo. Mvula inkagwa mozungulira bedi koma osalikhudza. Denga linatsala m'malere. Pakona panaima bambo atalinyamula ndi dzanja limodzi, pensulo ili kukhutu, nkhope yawo yosakwiya, yongotopa. Anandifunsa kuti zala zingati. Ndinayang'ana manja anga kuti ndiwerenge, koma zala zinkachuluka ndikamawerenga, ndipo mkono wa bambo unayamba kunjenjemera.

Ndinadzidzimuka. Khoma linalipo. Amayi ankapuma bwinobwino. Koma pakona, pamwamba pa mutu wawo, panali kalendala ya chaka chathachi, yopachikidwa pamalo pamene munthu sangapachike kalendala, ndipo m'munsi mwake munkanyamuka n'kubwerera, kunyamuka n'kubwerera. Zenera linali lotseka.

Ndinayenda ndi zala za kuphazi n'kuitukula. Kuseri kwake kunali mng'alu wochokera kudenga, wolowa chala changa chachikulu. Munali mutalowetsedwa nsanza ndi mapepala a nyuzi, mosamala, mzere wonse, ngati munthu akusoka. Kamphepo kozizira kankadutsa pamenepo.

"Siya pamenepo."

Maso a amayi anali otseguka.

"Amayi, zayamba liti izi?"

"Chaka chatha unali ngati ulusi." Anadzuka n'kukhala, akukonza mpango wa kumutu. "Ndinakuona pazenera. Unayesa katatu. Ukuganiza ndinakhala ndi mmisiri zaka makumi anayi osadziwa kuti chingwe chikuti chiyani?"

Ndinaisiya kalendala ija, inabwerera pamalo pake.

"Waika bwino paipi ija," anatero motsitsa mawu, ngati achimwene ali kale pakhomo. "Akabwera aona zowongoka, amwa tiyi, apita. Usawauze, Mzime. Kwawo kuja kuli masitepe, ndipo zenera la chipinda chimene akundisungira likuyang'ana khoma la anthu ena. Mlamu wako ndi munthu wabwino, koma ngakhale supuni ndizichita kupempha. Ine ndinalowa muno ndili ndi mimba yako, pansi pasanaikidwe simenti. Ndisiyeni ndimalizire muno."

"Likagwa muli m'tulo?"

"Laima chaka chonse. Lidziwa liti kuti lero?"

Ndinalira, sindibisa. Ndinawauza kuti mlandu ndi wanga, kuti ndikanabwera chaka choyamba chija zonsezi sizikanachitika. Iwo anangondisisita pamsana n'kunena kuti madzi akatayika sawoleka, ndipo ndisawanyowetsere bulangete, mvula ya kunja ikukwana. Tsiku limenelo ndinawanyengerera kuti agone pabalaza. Anavomera, koma anati ndi za lero lokha.

Lamulungu kunacha koyera, nthaka ikutulutsa nthunzi. Ndinatuluka ndi bokosi la zida ndisanasambe. Kangalande kanga kanagwira ntchito, pakona panali pouma, paipi ili nji, yokongola. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ndinkafuna amayi akhale, Mulungu akudziwa. Koma ndikatsinzina ndinkangoona masilipasi aja atayang'ana kubedi.

Ndinaimika makwerero ndekha, ndinakhomanso kamsomali, ndinatsitsa chingwe. Ndinamasula tizitsulo tonse kupatula ka pamwamba. Kukhitchini kunali thabwa lakale, ndinalicheka timidadada, koyamba kopyapyala, kachiwiri kokulirapo, ka pansi kokhuthala ngati chibakera. Kamdadada kalikonse ndinakamanga pakhoma ndi masikuluu aatali, kachitsulo kogwira paipi n'kukhala pamwamba pake. Paipi inatsika motsatira chingwe, osapatuka ngakhale chikhadabo. Pamwamba inali pafupi ndi khoma, pansi mphaka akanatha kudutsa kuseri kwake.

Amayi anali pakhonde, atakhala pampando, manja ali pamiyendo.

"Ukuchita chiyani?"

"Ndikuwongola."

"Dzulo inali yowongoka."

"Dzulo inali yogwirizana ndi khoma, amayi."

Atelala anasuzumira pampanda, anaona paipi, anaona amayi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anabwerera osaponya mawu.

Achimwene anafika cha m'ma teni, malaya ositidwa bwino, akulumpha matope ngati nkhuku yachilendo. Anapereka moni kwa amayi atagwira chipewa m'manja, anandifunsa za ana, kenako anati tiyeni tikaone. Tinazungulira nyumba tonse atatu, amayi pambuyo.

Anaima pabwalo, manja kumbuyo, anapendeketsa mutu uku, anapendeketsa uko. Kenako anaseka.

"Mzime, zaka zonsezi pantchito? Paipi yako yapendama. Taona pansipo, yathawa khoma."

"Eya, wapendamitsa," anatero amayi msangamsanga. "Ndamuuza kale. Anali atatopa, dzuwa la dzulo lija. Akonza mawa. Koma madzi ikutsitsa bwino, taona pouma ponsepa. Tiyeni m'nyumba, tiyi akuzizira."

Anandiyang'ana. Sanandiyang'anepo choncho chibadwire, ngati mwana ndi iwo, wamkulu ndine. Achimwene anali atatembenuka kale, akupukuta nsapato paudzu. Chimene chinkafunika kwa ine chinali kungoseka nawo, kunena kuti pepani, dzanja linalakwa, basi.

"Achimwene."

Anacheuka.

"Chingwe chikadali pamenepo. Tayang'anani chingwecho, kenako muyang'ane paipi."

Anabwerera, anawerama, anatsinzina diso limodzi. Chingwe ndi paipi zinali limodzi kuchokera kumwamba mpaka pansi. Anayang'ana khoma. Kuseka kuja kunachoka pankhope pawo pang'onopang'ono.

"Paipi ili bwino," ndinatero. "Khoma ndi limene likupita. M'kati muli mng'alu wolowa chala, pamwamba pa bedi. Amayi sangagonenso m'menemo, ngakhale tsiku limodzi. Ndipo amene analekerera madzi mpaka kufika apa ndine."

Madzi otsala m'ngalande ankadontha m'kati mwa paipi, dontho limodzi, kudikira, dontho lina. Achimwene anavula chipewa ngakhale panalibe womupatsa moni, n'kuyamba kuchizunguza m'manja.

"Amayi," anatero, mawu awo atachepa, "tikonza. Mvula ikatha tigwetsa, timanganso, mudzabwerera."

Tonse atatu tinadziwa kuti sadzabwereranso. Amayi anayenda mpaka pakona, anaika chikhatho pakhoma, pamalo pouma, n'kuchisiya pamenepo kanthawi. Kenako anachichotsa, anapukuta laimu pansalu yawo.

"Wamtali ndiwe," anatero osandiyang'ana. "Kanditsitsire sutikesi pamwamba pa wadiropu. Uipukute, ili ndi fumbi."

Ndinalowa m'nyumba kukaitsitsa.